Pepala la magazi ndi amayi a Mvano

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 68, ndinapuma ntchito ku fakitale ya nsapato. Akazi anga, a Effie, anawapeza ndi matenda a m'kati mwa mafupa, momwe mumapangidwa magazi. Mwezi uliwonse kuchipatala amatipatsa pepala lodzaza manambala. Ine ndimangoyang'ana mzere wa Hb, poti adokotala anati, "Magazi ndi amenewa, baba." Atawathira magazi, nambalayo inachoka pa 6 kufika pa 9. Ndinasangalala ngati mwana.

Lachinayi amayi a Mvano anabwera kudzazonda, anthu khumi ndi asanu m'kachipinda kathu. Anaimba, anapatsana chanza, wina akutsokomola. Loweruka a Effie anatentha thupi, n'kugonekedwa sabata yathunthu. Namwino anandikalipira: "Simunaone kuti asilikali atsika? Chepetsani alendo!"

Asilikali ati, Aphungu? Ndipo ndingabweze bwanji ozonda? Makolo anga ochokera ku Dedza ankati chimenecho n'chipongwe. A Effie atsogolera Mvano zaka makumi awiri, ndipo dzulo anandiuza kuti, "Nyimbo zija ndiwo mankhwala anga." Ndikuopa kuwataya akazi angawa.

A.K., Mufakose

Bambo A.K.,

Pepani ndithu, koma lekani kudziimba mlandu. Munawerenga mzere womwe anakuonetsani. Tsopano onjezani ina iwiri.

Hb ikatsika, mayi amafooka ndi kupuma mobanika. WBC ndiwo asilikali aja, olimbana ndi tizilombo. Akachepa, kachifuwa komwe inu mungakapepule kamawagwetsa mayi. PLT ndi tinthu toumitsa magazi pabala. Tikachepa mudzaona kamfuno, magazi m'nkhama kapena mabanga akuda pakhungu. Magazi othira aja amakweza Hb kwa masabata ochepa chabe, asilikali sawawonjezera.

Ulendo wotsatira, musatuluke msanga. Pemphani adokotala azungulize ndi cholembera mizere itatuyi, akuuzeninso nambala imene kwa mayi ndi yoopsa. Akamathamanga ndi Chingerezi kapena Chishona, aimitseni abwereze. Kufunsa ndi kudziwa njira. Mapepala onse muziwasunga pamodzi kuti muziona ngati zikukwera kapena kutsika.

Amayi a Mvano musawabweze. Pitani nokha kwa mayi busa mukafotokoze bwinobwino, ndi anthu omva amenewo. Asilikali akatsika, aziimba panja, mayi atakhala pawindo. Olowa azikhala awiri, opanda chimfine, osamba m'manja. Nyimbo sifuna khomo, bambo.

Koma ichi chokha musachiphonye. Gulani choyezera kutentha thupi. Chikafika pa 38, musawamwetse mapilitsi n'kumati tione mawa. Atengereni kuchipatala nthawi yomweyo, pepala lili m'manja. Ena adzanyinyirika kuti bambo a pakhomo apa ayamba kunyada. Alekeni anene. Kuli bwino aimbe pawindo monyinyirika, kusiyana n'kuti adzabwere onse, atavala yunifolomu, kudzaimba pasiwa.

Aphungu