Wotchi Yanga, Miyendo Yawo

Lachiwiri, 4 Marichi

Bondo lakumanzere latupanso. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili mlonda pa geti la nyumba yosungiramo katundu, lero kampani ikuti tiyambe majowajowa. Aliyense wapatsidwa wotchi ya pamkono ndi pulogalamu ya pafoni. Pulogalamuyo imakupatsa masewera olimbitsa thupi, wotchi n'kumawerenga kugunda kwa mtima, zonse n'kumakafika pa kompyuta ya akapitawo. Ukachita bwino imakuwonjezera, ukalephera imakuchepetsera. Akapitawo ati amene atsalire kumunsi mwezi uno akaonana ndi anesi a kampani. Tonse tikudziwa, kwa anesi kulibe wobwerera pa geti. Mnzathu wa geti lakumbuyo anapitako chaka chatha ndi msana, pano akugulitsa mayunitsi pamsewu.

Za bondo langa akuntchito sadziwa. Ndimayamba kutsimphina ndikangokhota pa ngodya.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndayesa. Kunyonyomala kakhumi. Pa kachitatu ndagwira chitseko cha kabati, chatsalira m'manja. Mayi a ana aseka mpaka misozi, ataona nkhope yanga asiya. Andivula wotchi, avala okha. "Kodi imadziwa nkhope ya munthu?" Siidziwa. Amaliza zonse pakati pa bedi ndi tebulo, mphindi khumi ndi ziwiri, ine ndili pampando kuwawerengera. Foni yandiyamikira ine.

Tagwirizana. Ndikaweruka, wotchi kwa iwo. Mwezi umodzi wokha.

Lachitatu, 12 Marichi

Chipinda chathu cha lendi chili pamwamba penipeni. Masitepe makumi anayi ndi awiri, amene ine ndimawatukwana m'mawa ndi madzulo. Pulogalamu inawapatsa mayi zokwera ndi kutsika masitepewo, basi atengeka nazo. Pali kanyenyezi kamene ukadina, masewera amene wawakonda amasungika kuti uziwabwereza ukafuna. Adina. Alembapo ndi dzina lomwe: Masitepe.

Munthu zaka zonsezi ali pa makina osokera, makatani a eni ake, khosi lopindika, zenera limodzi. Lero akukwera akuimba. Ndawauza achepetseko, tikufuna kungokhala pakati, osati kutchuka. Ati thupi ndi lawo. Inde, koma dzina ndi langa.

Nsanje ilipo, ndisaname.

Lachiwiri, 18 Marichi

Pulogalamu ikungowonjezera, mayi akungomeza. Asunga Masitepe atsopano m'malo mwa akale: kukwera kasanu ndi katatu atanyamula zigubu ziwiri za madzi, pamwamba kunyonyomala makumi anayi. Amabwereza omwewo tsiku ndi tsiku, ati ena onse ndi a ana.

Akapitawo andigwira paphewa pamaso pa madalaivala. Pa alonda makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi, woyamba ndine. Anyamata a zaka makumi awiri ndawasiya kutali. Wamtali, mnzanga wa pageti, wayang'ana bondo langa, kenako wayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Choipa n'chakuti ndinasangalala. Ndinayenda ndi chifuwa tsiku lonse. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lolemba, 24 Marichi

Afika amalonda aja.

Lachisanu kukubwera abwana akulu kudzaona mmene majowajowa akuyendera. Alonda onse pabwalo, teni koloko. Wotsogolera ine, pa masitepe achitsulo a kuseri kwa nyumba ya katundu. Akapitawo ati, "Masitepe anu okondedwa aja, bambo. Anyamatawa aone."

Ndinati chabwino bwana. Pakamwa panga pomwe. Mpaka madzulo ndimangotsegula geti, kutseka geti, nambala za magalimoto ndalemba ziwiri zolakwika. Madzi afika m'khosi.

Lachiwiri, 25 Marichi

Nzeru ya munthu womira: mayi alephere dala kuti pulogalamu ichepetse. Achita, nkhope ili gwa, kukwera ngati nkhalamba, kupumira pa sitepe iliyonse. Masewera a tsiku atsikadi. Koma osungidwa aja sasintha, amakhala momwe unawasungira. Kasanu ndi katatu, zigubu ziwiri, makumi anayi.

Ndinalanda foni, ndafufuta Masitepe aja. Kenako ndaimbira Wamtali kumufunsa ngati kwa iye zachokanso. Waseka kosasangalala. Akapitawo anawatumiza kale ku mafoni onse dzulo, aliyense ali ndi Masitepe ake.

Ndiye ndafufutira chabe. Mayi anakhala pa makina osawapalasa, nsalu pamiyendo. "M'nyumba muno chinthu changa chinali chimenecho." Bola akanandilalatira.

Lachinayi, 27 Marichi

Njira zitatu, zonse zotseka. Ndikati ndadwala, kalata yodwala imalembedwa ndi anesi, ndipo anesi aja dzanja lawo lidzapita pa bondo. Ndikanena zoona, ndi chinyengo, kuchoka opanda kalikonse. Ndikakwera, ndikwera ndi chiyani?

Bandeji yatsopano. Mapilitsi a ululu, awiri m'mawa, awiri m'thumba. Wamtali akuti adzaima kutsogolo kwanga anditchinge. Munthu wabwino, koma wotsogolera satchingika.

Ndayesa masitepe athu opanda zigubu. Kamodzi ndamaliza. Kachiwiri ndakhala pansi pa sitepe ya makumi atatu, thukuta mpaka m'makutu. Aneba adutsa ndi ndowa, andilambalala mwaulemu, afunsa ngati ndataya ndalama. Mayi atsika, alowetsa phewa kukhwapa kwanga, andikweza. Mphamvu zake, ine kuchita manyazi.

Asita yunifolomu. Mizere ya thalauza yakuthwa kuposa masiku onse.

Lachisanu, 28 Marichi

Ndakwera kawiri ndi theka. Anandinyamula anthu anayi.

Lolemba, 7 Epulo

Pulasitala kuyambira pantchafu mpaka pakakolo. Masiku khumi osatsika pansi. Dziko langa ndi bedi, tebulo, zenera, ndi chimbudzi cha kumapeto kwa khonde.

Sindinalembe za tsiku lija. M'chipinda cha anesi abwana akulu anayang'ana bondo, anayang'ana kompyuta, n'kufunsa mwakachetechete kuti wotchi imavalidwa ndi ndani. Ndinanena. Akapitawo anafuna kuyamba za chinyengo, abwana anawaletsa ndi dzanja. Anafunsa zaka za mayi. Makumi anayi ndi zinayi. Anati pa geti pakusowa mlonda wamkazi wosecha amayi ogwira ntchito m'katimo.

Ine kalata yanga inabwera Lachitatu. Kupuma pa zifukwa za thanzi. Mawu a chinyengo mulibe, akuti ndithokoze.

Mayi ayamba lero. Anadzuka mbandakucha, nsapato anapolisha okha, lamba anaboola bowo lina ndi msomali. Anandifunsa kuti loko ya geti laling'ono imavuta bwanji, ndinawauza kuti azikoka chitseko kaye asanapotokole kiyi. Anandisiyira tiyi m'fulasiki ndi madzi pafupi ndi bedi. Ndinamva akutsika, masitepe awiriawiri.

Pakhomo sipagona njala. Ndikudziwa. Ndadziuza kangapo kuyambira m'mawa, koma mtima ukukana kumva.

Masana kwagogoda mayi wina, kasitomala, kufuna makatani ake. Ndakuwa ndili pabedi kuti akankhe chitseko. Ayang'ana makina ovindikiridwa, ayang'ana mwendo wanga, afunsa kuti atelala ali kuti. Ndati ali kuntchito. Afunsa abwera nthawi yanji.

Ndayankha osaganiza n'komwe. Sikisi koloko apereka makiyi, asayina m'buku, akwera basi ya hafu pasiti, pano afika seveni ikungokwana.

Imeneyo inali nthawi yanga.