Galimoto Yokana Kulira Ikatentha

Chilenje, Lusaka
14 Meyi 2024

Okondedwa alongo anga a Lefina,

Landirani moni wanga nonse ku Pembamoyo. Kodi muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife kuno tili bwino, kungoti kwayamba kuzizira. Koma mtima wanga sunakhale m'malo kuyambira tsiku lija munandiuza pafoni za atate, kuti khasu linawapulumuka akukumba nshawa (mtedza), pakamwa n'kupotoka, kenako n'kukhalanso bwino, ndipo kuti aka n'kachiwiri.

Kugalaja kwathu kunabwera galimoto yakalekale ya ku Mangalande, ya mipando iwiri, yopanda denga. Eni ake ndi a Dailesi, mayi wamasiye amene amaisamala chifukwa inali ya amuna awo. Anadandaula kuti masiku ena akapotokola kiyi, sitata imangogogoda kamodzi n'kukhala chete. Koma ikafika kwa ife inkalira bwinobwino, ngati mwana wamwano pamaso pa alendo. Ndinayeza batire, ndinamasula sitata n'kusintha mabulashi, tizitsulo ta m'kati mwake, ndipo kawiri konse ndinawauza mayiwo kuti yachira. Patangopita masiku inawakanira pamsewu wa ku Kafue, dzuwa lili paliwombo. Ndinachita manyazi kwambiri.

Apo m'pamene ndinakhala nawo pansi kuti andiuze masiku onse amene inakana. Onsewo inali itayenda ulendo wautali. Ndinaiyendetsa mpaka ku Chongwe, n'kuzimitsa injini ili yotentha, ndipo inakanadi. Nditalowa pansi ndinagwira nthambo ya ethi, yolumikiza injini ndi thupi la galimoto. Kunja inkaoneka yabwino, koma m'kati dzimbiri linali litaidya, kutangotsala timawaya titatu. Injini ikatentha, timawayato tinkalephera kupititsa magetsi okwanira kuti ilire.

Ndili chigonere pansi pa galimotoyo, ndinakumbukira atate. Munati anakana kupita kuchipatala poti m'mawa mwake anadzuka amphamvu, ndipo ine ndinavomereza kuti ndi kutopa chabe. Ndinalakwa, alongo anga, ndipo tsopano ndili ndi mantha.

Pempho langa ndi limodzi. Lembani papepala masiku awiri amene atate anadwalawo, ntchito imene ankagwira, dzanja limene linafooka ndi nthawi imene zinatenga, ndipo mupite nawo kuchipatala ku Chipata sabata ino ndi pepalalo, ngakhale tsikulo adzuke akuseka. Ndikuwadziwa atate, adzati nshawa zikuwolera m'munda. Muwauze kuti ndapempha tchuthi, ndifika Loweruka kudzakumba ndekha. Galimoto ikakana timaikankha, koma atate akadzalephera kudzuka, ife tidzangoima manja lende.

Mupereke moni kwa amayi, amalume a Wadson ndi azakhali a ku Mlolo. Atate muwawerengere kalatayi yonse, musadumphe mzere ngakhale akwiye.

Tsalani mu mtendere wa Ambuye.

Ine mlongo wanu,
Yoweli