Kapepala ka m'Bokosi Lobiriwira

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi. Mwana wanu walongedza chikwama, akuti Loweruka akwera basi kubwera kwanuko, chonsecho mayeso atsala milungu isanu yokha. Musamukalipire. Wolakwa ndine, ndipo ndati nkhaniyi muimve kwa ine basiyo isanafike.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pamalo a achinyamata aja, pomwe ana amabwera akaweruka kusukulu. Ena amathamangira mpira, ena zisudzo, ena timawathandiza masamu m'chipinda cha mabuku. Pakhomo la chipindacho pali bokosi lobiriwira lokhoma. Mwana amene ali ndi chomusautsa amalemba kapepala osaikapo dzina, n'kuponyamo. Lachisanu lililonse ndimatsegula, ndimawerenga mokweza, anzake n'kumapereka maganizo. Lamulo ndi limodzi: wolemba safufuzidwa. Ndinalilemba pakhoma ndine ndemwe, ndi penti yofiira, zilembo zoti ungawerenge uli kutsidya kwa msewu.

Lachisanu lapitali ndinatulutsa kapepala kong'ambidwa m'kope. Kanati: "Ndimakhala ndi achibale. Sandimenya, sandimana chakudya. Koma chaka chonsechi sanandifunsepo kuti ndaswera bwanji. Akandiitana ndiye kuti pali mbale kapena zochapa. Ana a anthu ena amawamvetsera mpaka dzuwa kulowa."

Achemwali, pakamwa panga mukupadziwa, sipachedwa. Ndinaimirira n'kuyamba kulalikira. "Anthu otere alipo," ndinatero. "Amasunga mwana ngati akuweta mbuzi, ndipo manyazi alibe." Ana anaomba m'manja. Mtsikana wina wa gulu la zisudzo anati, "Madamu, amenewo mukawapeza mubwere nawo kuno, tidzawaphunzitse." Tonse tinaseka, ine kuposa onse. Ndikupinda kapepalako m'pamene ndinayang'anitsitsa kalembedwe kake. Kanali komwe kaja ndimakaona tsiku lililonse m'makope a patebulo la kunyumba kwanga. Mwana wanu anali pabenchi yakumbuyo, atawerama, akumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale.

Ndikanakhala munthu, ndikanafika kunyumba n'kumufunsa kuti waswera bwanji. Koma ine ndinamuponyera kapepalako patebulo.

"Ndiye wati ukandivule pagulu?" ndinakuwa. "Amakudyetsa ndani? Amakuveka ndani?"

Sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi aang'ono, ine sindinaikepo dzina. Paja munati wolemba safufuzidwa."

Ine amene ndimauza makolo tsiku ndi tsiku kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, wanga weniweni ndinamusandutsa wantchito, ndipo atadandaula ndinamukalipira. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sanandisiyebe.

Anansi anamva kukuwa kwanga, ndipo nkhani inafika kwa ana a kuntchito. Dzulo ndinagwedeza bokosi lija, mulibe ngakhale kapepala kamodzi. Ndinakaulula zonse kwa mkulu wa pamalopo n'kuwapatsa kiyi. Anailandira modekha, n'kunena kuti, "Ana a kunowa tiwanyengerera. Koma wa kunyumbayo ndi wanu."

Ndamupepesa kawiri. Amangoti "Chabwino," n'kupitiriza kutsuka mbale. Ndikamulanda mbalezo amangoima osadziwa chochita, inenso chimodzimodzi. Zaka ziwiri m'nyumba imodzi, koma sitidziwa kukhala pansi n'kucheza.

Pempho langa nali. Akakuimbirani foni, mumupemphe akhale kuno mpaka alembe mayeso, chifukwa akachoka tsopano chaka chonse chapita m'madzi, ndipo mwanayu ndi wanzeru. Musamukakamize, ndipo musamuuze kuti andikhululukire, zimenezo ndi zoti ndilimbane nazo ndekha. Akakana, ndimunyamulira chikwama mpaka kokwerera basi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Pano m'pamene nthawi zonse ndimalemba kuti mwana wanu ali bwino ndipo akukupatsani moni. Lero sindilemba. Makalata onse aja ndinkangolemba mawu amenewo, Achemwali, osamufunsa.

Ndine mng'ono wanu,
wamanyazi.