Dzino lokhota lija sindilola kuti alipale

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Chipadze tilipo. Chino ndi chaka chachitatu chikuikireni m'manda. Mlongo wanga Yohane akadali ku mgodi wa ku Shamva, ndipo mkazi wake wachira, mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu, ndipo ukali watengeranso kwa inu. Chimanga chinachita bwino, kungoti okumba golide atiboolera maenje awiri m'munda muja, osapempha n'komwe.

Mwana wanga Chikondi, mdzukulu wanu uja, akukwatiwa mwezi wamawa ndi mnyamata wa ku dera la Aerodrome. Ndikanayenera kumavina, koma ndikukulemberani nditakwiya, ndipo nkhani yake ndi ya mano.

Mukukumbukira ku famu tikamamanga fodya, mmene ndinkadulira ulusi ndi mano chifukwa mpeni unali umodzi mzere wonse? Munkandikalipira kuti dzino si mpeni, likatha silinoledwa. Ine ndinkangoseka. Mano awiri akutsogolo aja anayamba kugwedera kalekale, ndipo chaka chatha anachoka onse. Panopa ndikamaseka dzanja limathamangira lokha kukamwa.

Chikondi ananditengera kwa dokotala wa mano m'tauni, ndipo iye anatiuza njira ziwiri. Yoyamba akuti buliji. Amapala mano awiri abwinobwino a m'mbali mwa mpatawo mpaka atatsala tizitsa, kenako n'kuvekapo mano oumba olumikizana. Masabata awiri basi, ntchito yatha. Inayo akuti impulanti. Amaboola fupa la nsagwada n'kuikamo kachitsulo, ndiye umadikira miyezi kuti fupalo ligwire asanaikepo dzino. Mano ena sawakhudza, koma ukwati udzandipeza ndikadali ndi mpata wanga. Anandiyesa mano ovula oti ndigwirizire, koma ndikangoyamba nthungululu amatsika okha.

Chikondi akufuna buliji. Akuti kudzakhala ojambula, ndipo akuchimuna ndi anthu ophunzira. Akamandiuza zimenezi amathamangitsa Chishona kuti ndisapeze polowera, chonsecho Chichewa amamva bwinobwino. Zikundipweteka, amayi. Mwana amene ndinamulera ndi ganyu wa fodya yemweyo lero akuchita manyazi ndi kamwa langa. Ndinamukumbutsa mawu anu aja akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, iye anangoyang'ana pa foni.

Chimene sakumvetsa n'chakuti limodzi mwa mano oti apalewo ndi lokhota lija la kumanzere, lokwera pa linzake. Ndi dzino lanu limenelo. Anthu a ku famu ankatizindikira nalo kuti ndife mayi ndi mwana tisanatchule dzina. Zithunzi zanu zonse zinavunda m'sutikesi muja mvula itatipeza panjira posamuka ku famu. Chatsala n'cha pa chitupa chokha, pamene munatseka pakamwa ngati akukuimbani mlandu. Yohane anatengera bambo, Chikondinso anatengera kwa bambo ake. Ine ndikakusowani ndimaima pa galasi n'kukweza mlomo, ndipo ndimakuonani. Dokotala uja anachita kusekerera, akuti ndi mwayi woti andiwongolere dzino loipalo. Ndinangonyamula chikwama changa, chifukwa ndikanayankha tikanachititsana manyazi.

Nanunso ndakukwiyirani pang'ono. Mukanakhalapo mukanaidula nkhaniyi ndi mawu awiri, Chikondi n'kukhala chete. M'malo mwake ndakhala ndikuzungulira nayo ndekha, ndipo aliyense amene ndamufunsa ku tchalitchi ali ndi mlamu wake amene zinamuvuta, wina buliji, wina kachitsulo. Kachitsuloko ndikukaopa ndithu, sindikubisirani.

Komabe ndasankha. Lachiwiri likubwerali ndikukagona pa mpando wa dokotala uja kuti aboole fupa, aikemo kachitsulo. Chikondi watha masiku atatu osandiyankhula, dzulo wangotumiza uthenga wofunsa muyeso wa diresi langa. Mwina adzandikhululukira ukwati usanafike, mwina pambuyo pake.

Ndikukulonjezani kuti tsikulo sindidzabisala kumbuyo kwa miphika. Ndidzaima kutsogolo, ndidzaimba nthungululu mpaka ku Aerodrome amve, ndipo dzanja langa silidzapita kukamwa. Ojambulawo ajambule. Adzaona mpata, inde, koma pambali pa mpatawo mudzakhala mulipo inu, pa ukwati wa mdzukulu wanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati