Njinga Imodzi, Mabwana Atatu

3 Ogasiti 1938, Lachitatu
Azungu a fodya avomera. Pampikisano wawo wa njinga zamoto, kuchokera ku Madzimoyo kufika pa Boma, munthu wakuda mmodzi alowe nawo. Wokwera ndi amuna anga, a Boaz, bambo a Emma. Njinga ndi ya a Asmani a sitolo. Wokonza, achimwene anga a Abednego. Komboni yathu yonse ya Kapata ikukamba za ife. Ine mantha okhaokha.

6 Ogasiti
Mkangano pabwalo tsiku lonse. A Asmani akufuna liwiro, akuti chitsulo chilichonse cholemera chichoke. Achimwene akuti matayala aphwetsedwe pang'ono, msewu ndi wamchenga. Bambo a Emma akukana, tayala lofewa limawasokoneza pokhota. Womvera mnzake palibe. Emma chifuwa sichikutha.

11 Ogasiti
Achimwene aphwetsa matayala m'mawa n'kumapita. Masana bambo a Emma apopanso mpaka gwa. Kenako a Asmani afika ndi sipanala, amasula kachitsulo kena pachiwongolero, ati n'kongolemeretsa. Aliyense payekha, osauzana. Nditawafunsa bambo a Emma andidula: "Za njinga zisiyeni, mayi a Emma."

13 Ogasiti, Loweruka
Ndinaima pa Boma, mwana kumsana. Fumbi, nthungululu. Njinga zinafika imodziimodzi. Yathu ayi. Patapita nthawi, lole ya fodya, ikuyenda pang'onopang'ono, achimwene ataima pamwamba, chipewa chili m'manja.

14 Ogasiti
Bambo a Emma ali moyo. Akuti anatsogola mpaka pamchenga wa kumtsinje. Chiwongolero chinayamba kunjenjemera, njinga n'kuwaponya pamwala. Msana.

22 Ogasiti
Apongozi abwera kuchokera kumudzi, sanandipatse moni. Ati mlongo wanga ndiye wawalemalitsira mwana. A Asmani akuloza achimwene, achimwene akuloza a Asmani. Njinga yakonzedwa kale. A Asmani akufunafuna wokwera wina.

2 Okutobala
Bambo a Emma anatuluka m'chipatala pamachila. Miyendo siimva ngakhale madzi otentha. Achimwene anakwera lole ya kumigodi osatsanzika. Lero ndikuwasambitsa, amuna anga anandigwira dzanja. "Onse aja ndinawasiya m'mbuyo, mayi a Emma. Azungu onse. Munamva?" Ndinavomera kuti ndinamva. Iwo kuseka mpaka misozi, ine kufinya nsalu.

Mawa ndiyamba ganyu yosankha fodya. Wowatembenuza masana palibe, ndipo Emma sindikudziwa ndimusiya ndi ndani.