Nambala Yobiriwira

Lolemba, 1 Juni

Lembani, mayi, momwe ndikunenera. Osakonza. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, inu munapitirira, n'chifukwa chake cholembera chili kwa inu. Koma buku ndi langa. Pangano ndi lomwe lija: za m'buku sizituluka m'buku.

Mwana wathu Nesi wandichita chipongwe. Ndinamutuma andilembetse pa foni yake ku mpikisano wothamanga wa pa 14. Makilomita 21, monga chaka ndi chaka. Lero wabwera ndi envelopu, akadali mu yunifolomu ya ku chipatala. Kutsegula, nambala yobiriwira. Yobiriwira! A 21 amavala yofiira. Yobiriwira ndi ya makilomita asanu, kothamanga ana asukulu ndi mabwana ofuna kuphwetsa mimba.

Akuti, "Abambo, mwagona ndi chibayo miyezi iwiri, simunathamange n'kamodzi komwe." Ngati chifuwacho n'chake.

Zaka makumi atatu ndili mesenjala wa ku ofesi. Makalata m'chikwama, wapansi. Njinga anandipatsa chaka chopumira ntchito. Mamendulo khumi ndi imodzi pa msomali apo, onse a 21. Zaka 69 si matenda.

Lachitatu, 3 Juni

Pakhonde la a Telala. Mnzanga wothamanga naye, wamkulu kwa ine ndi chaka chathunthu. Nambala yawo yofiira aipachika pamwamba pa makina osokera kuti aliyense wobwera ndi thalauza long'ambika aione. Afunsa yanga. Ndati sinabwere.

Iwo: "Mukachedwa akupatsani ya agogo ija, yoyenda uku mukusenda nthochi." Khonde lonse kuseka. Nanenso kuseka nawo, mano okha.

Bodza, pa msinkhu uno, chifukwa cha kapepala.

Nesi waimba kawiri. Foni ilire. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kumanga zingwe za nsapato, lero ndiye wondiyezera mtunda.

Lachinayi, 4 Juni

Mawa ndikayesa, Nesi aone. Za wotchi ndilibe nazo ntchito, ine ndimawerenga mapolo a magetsi. Mapolo makumi awiri, kilomita imodzi. Mpikisano wonse mapolo 420. Mawa 300 okha, osadzivuta.

Nsapato ndazipeza pansi pa bedi, zouma gwa, kangaude atamangamo. Kabudula akugwa m'chiuno. Sikuti ndaonda ayi, kabudula wakula. Lembani choncho. Mukuseka chiyani?

Lachisanu, 5 Juni

Ndapita. Ndabwera. Kunja kunali bwino. Tsekani buku.

Lachiwiri, 9 Juni

Masiku atatu buku lili chitsekere. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Koma m'buku muno sindinanamepo, sindiyamba lero.

Lachisanu lija. Mpaka polo ya 100, ndine ndemwe wakale. Pa 110 chifuwa chayamba kulira ngati geti la dzimbiri. Pa 130 m'maso bii, miyendo ngati yobwereka. Ndipo makumi awiri omalizawo ndinkayenda. Ikani zimenezonso.

Ndinakhala m'mphepete mwa ngalande, pafupi ndi potsukira magalimoto. Thovu lawo likudutsa pa nsapato zanga, ine osatha n'kusuntha phazi. Mayi wina wogulitsa zipatso anabwera ndi madzi m'kapu. Akuti, "Agogo, kwanu n'kuti? Tiitane ndani?" Ine! Msewu umene ndaupondaponda iye asanabadwe, akundifunsa ngati mbuzi yosokera.

Kubwerera pa basi, m'kabudula, maondo pamtunda. Ndinatsikira siteji ya kutsogolo kuti ndifike pakhomo wapansi, inu muone thukuta.

Ndakwiyira chifuwa. Ndakwiyira dokotala ndi mapilisi ake. Ndakwiyira mayi wa kapu uja, ngakhale madziwo ndinamwa onse.

Musandiyang'ane choncho. Tsiku la mpikisano n'lina. Anthu, nyimbo, likhweru, magazi amatentha okha. Thupi limakumbukira. Lakumbukira kakhumi ndi kamodzi, liiwale lero?

Nesi asamve.

Lachisanu, 12 Juni

Ndapita ndekha ku bwalo la masewero, pa tebulo lolembetsera. Osadzera pa foni ya munthu. Wa pa tebulo wayang'ana chiphaso changa, wayang'ana imvi, wayang'ananso chiphaso. "Mwatsimikiza, bambo?" Ndati bweretsa pepala. Dzina langa ndimalemba ndekha, lokhalo silifuna mlembi.

Yofiira ili m'thumba. Pobwera ndadzera kwa a Telala, ndaiyala pa makina awo. Akuti, "Eya, galu wamkota sakandira pachabe." Ndayenda ngati mnyamata mpaka pa ngodya. Pa ngodyapo chifuwa. Ndatsokomola nditagwira mpanda wa eni, galu wawo akundiuwa.

Fumbi limenelo. Lembani kuti fumbi.

Loweruka, 13 Juni

Madzulo a mpikisano, chaka chilichonse, mumalumikiza nambala pa malaya anga ndi mapini anayi, n'kuwayala pa mpando. Ndimadzuka zonse zili m'malo. Lero mwaika mapini pa tebulo, manja kumbuyo. Zaka khumi ndi chimodzi osakana, lero mwakana.

Nesi simunamuuze, ndikudziwa. Wabwera masana ndi malalanje, wachimwemwe, akuti adzandidikira pomalizira pa obiriwira. Inu kumangopukuta mbale youma kale. Pangano mwasunga. Bola mukanaliswa, ndikanapeza wokalipira.

Tsono lembani mawu anu aja. Inde, anu omwe. Mwawanena m'nyumba mwanga, alowe m'buku langa. Mwati: "Ine ndimalemba zomwe mwandiuza. Za ngalande ndalemba, za mpanda ndalemba. Mukalunjika mawa ndi yofiirayo, tsamba la Lolemba adzandiuza ndani?"

Kundiopseza ndi maliro anga omwe. Munthu ndili pano, ndikumwa tiyi.

Ndangouzira tiyi, anali wotentha.

Manambala awiri pa tebulo, mapini anayi. Siyani pomwepo, musakhudze.

Lamlungu, 14 Juni

Masana. Mapazi m'beseni. Onjezani madzi otentha, kenako mulembe.

Ndalumikiza ndekha m'mawa. Yapendekeka, ndadzibaya chala kawiri. Yobiriwira. Yofiira munaiona pamene ndinaisiya, pansi pa kapu, musanamizire kuti simunaione.

Poyambira, a Telala ayang'ana pachifuwa panga. "Akupatsani yolakwika?" Ndati ndasankha ndekha. Sanaseke. Angogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati ali pa siwa. Kuseka kukanakhala bwino.

Tinanyamuka tonse pamodzi, ofiira ndi obiriwira. Pa polo ya 60 msewu umagawikana: ofiira kulunjika, obiriwira kumanzere, kubwerera ku bwalo. A Telala pambali panga, befu lawonso likumveka. "Tiyeni, achimwene, ndani akuona mtundu?" Wogwira mbendera anali atayang'ana kwina. Miyendo inkafuna, mayi, inkafuna zedi. Msewu umenewo imaudziwa ngati njira ya kubafa. Koma geti lija linali litayamba kale kulira, pansipansi.

Ndinakhota.

Kumanzereko manyazi okhaokha. Anandipitirira mayi wina akukankha mwana pa kangolo, uku akulankhula pa foni. Anandipitirira bwana wa mimba atavala wotchi ngati mbale. Ameneyo ndinamubweza pa polo ya 90, lembani bwino pamenepo, mudule mzere kunsi kwake. Sindinayende n'phazi limodzi lomwe. Mapolo 100, onse othamanga. Akanawonjezera khumi, bwenzi mukukanditola. Zimenezo musadule mzere.

Pomalizira, Nesi ndi botolo la madzi, kulumphalumpha ngati ndapambana galimoto. M'chikwama mwake kamakina koyezera magazi, akuyesa sindikuona. Madzi ndinamwa. Mkono anaugwira, ndinamusiya augwire, chifukwa kunali anthu.

A Telala amaliza yawo, ndamva. Mawa khonde lonse lidziwa, ndipo nthochi ija andigulira ndithu, ndikuwadziwa.

Mendulo ya obiriwira, kachinthu ngati chitsekerero cha botolo. Musaipachike ndi inzake. Chabwino, ipachikeni, koma kumbuyo.

Mukuliranji tsono? Mufufutitsa inki. Pukutani m'maso, tembenuzani tsamba, mulembe pamwamba kuti Lolemba. Wokuuzani alipo, ndipo sanathe kukwiya.