Musalize Injini, Mulibe Oyilo

Mayi a ana,

Musadabwe kupeza galimoto boneti ili yasa, ine kulibe. Chimene inkatsokomolera pamtunda paja ndachipeza. Fyuluta ya mpweya inatsekeka ndi fumbi, khoswe n'kumangamonso chisa chake. Ndaikamo yatsopano. Koma ya oyilo anandipatsa yaing'ono, ikukana kulowa, ndiye ndathamangira kushopu kukasinthitsa asanatseke.

Chonde wina asalize injini, mulibe oyilo ngakhale dontho! Makiyi ndatenga dala, alamu anga aja mukuwadziwa.

Pepani, oyilo wakudayo ndakhetsera m'beseni lanu lochapira lija. Mundikalipire ndikabwera, makutu ndakonzeratu.

Muwauze amayi asade nkhawa ndi mwendo wawowo. Mawa kuchipatala sapita pa basi, ndiwanyamulira pakhomo pomwe.

Ndine wanu wamanja bii